Chithunzi Chimene Chimalira: Maganizo Anga pa Guernica ya Pablo Picasso

Tsiku loyamba limene ndinaona chithunzi cha Guernica ndinaseka. Aphunzitsi anachionetsa pakhoma m'kalasi, ndipo mnzanga amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti mwana wa sitandade 2 akhoza kujambula bwino kuposa pamenepa. Ine ndinavomereza. Ng'ombe inali ndi maso onse awiri mbali imodzi ya nkhope, hatchi inali ndi lilime losongoka ngati mpeni, ndipo zala za anthu zinali zonenepa ngati nthochi. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masabata angapo ndinabwereranso kwa chithunzicho ndili ndekha, nditawerenga zimene zinachitika m'tawuni imene chinatengako dzina lake. Ulendo umenewu kuseka kunandithera.

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti Guernica imafotokoza kuopsa kwa nkhondo momveka kuposa zithunzi zankhondo zimene zinajambulidwa mokongola ndi molongosoka, ndiponso kuti mphamvu yake ili m'zinthu zomwe zija ine ndi mnzanga tinkaziseka. Ndiyamba ndi kufotokoza chimene chinachitika, kenaka zimene zili pachithunzicho, ndipo pomaliza ndiyankha anthu amene amatsutsa maganizo amenewa, pakuti alipo ndipo mfundo zawo si zopepuka.

Zimene zinachitika ku Guernica

Guernica, kapena kuti Gernika m'chiyankhulo cha eni ake, ndi tawuni yaing'ono ya anthu a mtundu wa Basque kumpoto kwa dziko la Spain. Mu 1936 m'dzikomo munabuka nkhondo yapachiweniweni pamene akuluakulu ena a asilikali anaukira boma losankhidwa ndi anthu. Amene anadzakhala mtsogoleri wa oukirawo anali Francisco Franco, ndipo ankathandizidwa ndi Adolf Hitler wa ku Germany komanso Benito Mussolini wa ku Italy. Lolemba pa 26 Epulo 1937, lomwe linali tsiku la msika, ndege za ku Germany za gulu lotchedwa Condor Legion pamodzi ndi za ku Italy zinafika pamwamba pa tawuniyi dzuwa litapendeka. Kwa maola pafupifupi atatu zinkabwera m'magulumagulu. Zinaponya mabomba ogumula nyumba, zinaponyanso ena oyatsa moto, ndipo ndege zing'onozing'ono zinkauluka m'munsi n'kumawombera ndi mfuti zachiwaya anthu amene ankathawira kuminda. Gawo lalikulu la tawuni linapsa. Chodabwitsa n'chakuti mlatho wa Rentería, umene pambuyo pake ankati ndiwo ankafuna kugwetsa, unatsala chilili, ndipo fakitale ya zida imene inali m'tawuni momwemo siinagwe.

Boma la Basque linalengeza kuti anthu 1,654 anafa. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amene afufuza pambuyo pake amatchula chiwerengero chocheperapo, cha mazana angapo. Mbali ya Franco inakanitsitsa kuti ilibe mlandu, ndipo inafalitsa zoti anthu a ku Basque anaotcha okha tawuni yawo pothawa. Bodza limeneli likanatha kukhazikika pakanapanda atolankhani amene anafika usiku womwewo moto ukadali lawilawi. Mmodzi mwa iwo anali George Steer, wobadwira ku South Africa, amene anali atalembapo kale za nkhondo ya Italy ku Ethiopia. Iye anaona zotsalira za mabomba zokhala ndi zizindikiro za ku Germany, ndipo nkhani yake inatuluka pa 28 Epulo m'nyuzipepala za The Times ku London ndi The New York Times.

Pa nthawiyi Pablo Picasso, amene anabadwira ku Málaga mu 1881, ankakhala ku Paris. Mu Januwale chaka chomwecho boma la Spain linali litamupempha kuti ajambule chithunzi chachikulu choti chikaikidwe m'nyumba ya dzikolo pa chionetsero cha maiko onse ku Paris. Miyezi inadutsa asanapeze mutu womukhutiritsa. Atawerenga za Guernica, pa 1 Meyi anayamba kujambula zoyeserera papepala, ndipo pofika kumayambiriro kwa Juni ntchito inali itatha. Dora Maar, katswiri wojambula ndi kamera, anatola zithunzi za ntchitoyo ili mkati, kotero kuti lero tikutha kuona zimene Picasso anaika poyamba n'kudzazichotsa.

Zimene zili pachithunzicho

Chinsalu chimene Picasso anajambulapo n'chachikulu: mamita pafupifupi 3.5 m'mwamba ndi 7.8 m'litali. Munthu akaima patsogolo pake anthu ojambulidwawo amamuposa msinkhu. Pali anthu asanu ndi mmodzi ndi nyama zitatu. Kumanzere kwenikweni kwaima nkhunzi, ndipo pansi pake pali mayi wagwada, mutu waugadamitsa, kukamwa kuli yasa, m'manja mwake muli khanda lakufa limene mutu wake uli lende. Pakati pali hatchi yolasidwa ndi mkondo, ili ndi bala lalikulu m'nthiti, ikugwa uku ikulira. Pansi pa hatchiyo pagona msilikali wodukaduka: mutu uko, mkono uko, dzanja likadagwirabe lupanga lothyoka, ndipo pambali pa lupangalo pamera kaduwa kosaoneka bwino. Pamwamba pali babu la magetsi lokhala m'kati mwa chinthu chooneka ngati diso. Mayi wina wasuzumira pazenera, watambasula mkono wautali wonyamula nyali. Wina akubwera chothamanga kuchokera kumanja uku akukoka mwendo wolemera. Kumapeto kwenikweni kuli mayi wakweza manja m'mwamba, nyumba ikuyaka momuzungulira. Pakati pa nkhunzi ndi hatchi, mumdima, pali mbalame imene munthu wothamanga maso sangaione.

Chifukwa chake chimagwira mtima

Chinthu choyamba chimene ndikufuna tione ndi chimene palibe. Pachithunzichi palibe ndege, palibe bomba, palibe mbendera, palibe Franco kapena Hitler. Zithunzi zambiri zakale zankhondo zimaika mfumu kapena kazembe pahatchi yonyezimira, lupanga m'mwamba, adani ali pansi pa mapazi ake. Woona chithunzi chotere amaima mbali ya wopambana, ndipo mtima wake umasirira. Picasso anatembenuza zonsezi. Hatchi ilipo koma ikufa. Lupanga lilipo koma n'lothyoka. Msilikali alipo koma ndi zidutswa. Anatiika pansi, pamene bomba limafikira, ndipo munthu amene ali pansipo saona nkhope ya amene akumupha. Amangoona denga likugwa. Umu ndi mmene nkhondo ya ndege ilili, ndipo Picasso anali mmodzi mwa oyamba kupeza njira yoijambulira. Anthu anayi mwa asanu ndi mmodzi aja ndi amayi, mmodzi ndi khanda. Wojambulayo akutiuza mosabisa kuti amene amasenza katundu wa nkhondo ndi ndani.

Chachiwiri ndi matupi opotoka aja. Ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi, chifukwa Chichewa chili ndi chida chogwira ntchito yofananayo, ndicho mawu a mvekero. Ndikanena kuti anthu anathawira mbali zosiyanasiyana, ndapereka uthenga ndipo mwamva. Koma ndikanena kuti anthu anangoti balala, mwana ali thapsa pansi, mayi ake ali kakasi, ndiye kuti ndakutengani n'kukakuimikani pamalopo. Mawu a mvekero satsata malamulo onse amene mawu ena amatsata. Amatalika kapena kubwerezedwa monga mmene woyankhula akumvera mumtima. Khosi lalitali la mayi wonyamula khanda uja ndi mvekero wojambulidwa: latalika chifukwa kulira kwake kwatalika. Malilime osongoka a mayiyo, hatchi ndi nkhunzi akuonetsa mfuu imene imalasa khutu. Mwendo wotupa wa mayi wothamanga uja aliyense amene analotapo akuthamangitsidwa miyendo ikukana kunyamuka amaudziwa. Picasso ankadziwa bwino kujambula munthu monga mmene amaonekera, ndipo zithunzi zimene anajambula ali mnyamata wa zaka 15 zimachitira umboni. Anapotoza matupiwa mwadala, kuti ajambule mmene ululu umamvekera m'kati mwa munthu.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Pabwalo la Gule Wamkulu nkhope ya Simoni imakhala yofiira psuu kuposa ya mzungu aliyense amene anayendapo m'dziko muno, koma palibe amene amadandaula kuti wosema analakwitsa. Aliyense amadziwa amene akunenedwa ndi khalidwe limene likudzudzulidwa. Picasso mwiniwake anakhudzidwa kwambiri mu 1907 ataona zigoba ndi ziboliboli za ku Africa m'nyumba yosungiramo zakale ya Trocadéro ku Paris. Choncho n'zochititsa manyazi pang'ono kuti ine, mwana wa kuno, ndinaseka nkhope yopotoka ngati kuti sindinaionepo.

Chachitatu ndi mtundu. Chithunzi chonse ndi chakuda, choyera ndi chotuwa ngati phulusa. Palibe dontho la magazi ofiira, ndipo ngakhale moto ndi wotuwa. Zithunzi za Dora Maar ndi zolemba za nthawiyo zimaonetsa kuti Picasso anayesapo kumata mapepala amitundu pachinsalucho koma anawachotsa. Ndikuganiza kuti anachita bwino. Mitundu yowala imasangalatsa maso ngakhale nkhani yake ikhale yoipa, ndipo magazi ofiira amakopa anthu ngati mmene ngozi ya pamsewu imakokera gulu. Kutuwaku kumatimana chisangalalo chimenecho. Kumatikumbutsanso nyuzipepala, pakuti Picasso sanaone Guernica ndi maso ake. Anaiona m'zithunzi zakuda ndi zoyera za m'nyuzipepala za ku Paris, ndipo timizere tating'onoting'ono timene tili pathupi la hatchi timaoneka ngati zilembo zosindikizidwa.

Pali kuwala kwa mitundu iwiri pachithunzichi, ndipo ine ndimaona mkangano pakati pake. Babu la magetsi lili pamwamba ngati diso losaphethira, lowala koma losathandiza aliyense. Ndi chipatso cha luso lamakono, luso lomwelo limene linapanga ndege. Pafupi nalo pali nyali ya m'manja, yonga ya galasi imene agogo athu ankayatsa ndi palafini, yonyamulidwa ndi munthu amene wabwera kudzaona chimene chachitika. Nyaliyo ndi ya mboni. Steer ananyamula nyali yotere ndi cholembera, Picasso anainyamula ndi penti. Awa ndi maganizo anga, ndipo wina akhoza kuwerenga mosiyana. Mwiniwake sanafune kumanga owerenga ndi tanthauzo limodzi: mu 1945 ananena kuti nkhunzi ikuimira nkhanza ndi mdima ndipo hatchi ikuimira anthu, koma nthawi ina anangoti ng'ombe ndi ng'ombe, hatchi ndi hatchi.

Mfundo za otsutsa

Otsutsa oyamba amati chithunzi chofunika kuchifotokozera chalephera ntchito yake. Ngati ine ndinaseka poyamba, kodi mlimi wa ku Basque akanamva chiyani? Dandaulo limeneli linalipo kuyambira mu 1937. Katswiri wa zojambula wa ku Britain, Anthony Blunt, analemba kuti chithunzichi chikuonetsa chisokonezo cha mumtima mwa Picasso osati nkhondo ya anthu wamba. Ndikuvomereza kuti Guernica imafuna nthawi. Komatu mwambi nawo umafuna nthawi, ndipo sitinena kuti walephera chifukwa mwana sanaumve tsiku loyamba. Chinanso n'chakuti anthu wamba sanachikane. Mu Januwale 1939 chinaonetsedwa ku Whitechapel, dera la anthu osauka ku London, ndipo anthu ankabwera ndi nsapato zoti zitumizidwe kwa asilikali a boma la Spain. Blunt yemweyo pambuyo pake anasintha maganizo mpaka analemba buku lochilemekeza.

Otsutsa achiwiri ali ndi mfundo yolemera kwambiri. Iwo amati posatchula wolakwa, chithunzichi chimamasula wolakwayo. Nkhondo ikuoneka ngati chivomezi kapena kusefukira kwa madzi, tsoka lopanda mwini, pamene ku Guernica kunali anthu amene analamula ndi ena amene anaulutsa ndege. Mfundoyi inandivutitsa kwa masiku angapo. Yankho langa ndi lakuti dzina la chithunzicho ndilo likuloza chala. Pa nthawi imene Franco ankati palibe ndege imene inaphulitsa tawuniyo, kulemba mawu akuti Guernica pansi pa chithunzi cha mamita asanu ndi atatu pakati pa mzinda wa Paris kunali kuimba mlandu poyera. Olakwawo anamva, ndipo zimene zinatsatira zikuchitira umboni. Picasso analamula kuti chithunzicho chisapite ku Spain mpaka ufulu utabwerera m'dzikolo. Chinakhala ku Museum of Modern Art ku New York kwa zaka zoposa 40. Picasso anamwalira mu 1973, Franco mu 1975, ndipo chithunzicho chinafika ku Madrid mu Sepitembala 1981. Ngakhale pamenepo anachiika kuseri kwa galasi losaboola chipolopolo. Kuyambira mu 1992 chili ku Museo Reina Sofía. Mu 1997 mtsogoleri wa dziko la Germany, Roman Herzog, anatumiza uthenga kwa anthu a ku Gernika wovomereza kuti ndege za dziko lake zinali ndi mlandu.

Otsutsa achitatu amafunsa kuti, kodi chithunzichi chinaletsa nkhondo iti? Zoonadi sichinaletse ngakhale imodzi. Franco anapambana mu 1939 n'kulamulira zaka 36. Zimene zinachitika ku Guernica zinadzachitika mokulirapo ku Warsaw, Rotterdam, Coventry, Dresden ndi Hiroshima. Koma funsoli likusenzetsa penti katundu amene maboma ndi asilikali awo analephera kusenza. Ntchito ya chithunzi ndi kukumbutsa, ndipo pamenepa tili ndi chitsanzo chomvetsa chisoni. Pa 31 Malichi 1937, kutatsala masabata pafupifupi anayi kuti Guernica iphulitsidwe, tawuni ina ya ku Basque yotchedwa Durango inaphulitsidwa ndi ndege, ndipo anthu oposa 200 anafa, ena ali m'tchalitchi. Ndi angati a ife amene tinamvapo dzina la Durango? Anthu ake anafa imfa yomweyo, koma panalibe amene anawajambula.

Ngati wina akukayikabe kuti chithunzi chili ndi mano, aganizire zimene zinachitika ku likulu la bungwe la United Nations ku New York. Pakhomo la chipinda cha nthambi yoona za chitetezo panapachikidwa nsalu yoluka yotengera Guernica mu 1985. Pa 5 Febuluwale 2003, tsiku limene Colin Powell anabwera kudzafotokoza zifukwa zimene dziko la America linkafunira kuthira nkhondo dziko la Iraq, nsaluyo inali itaphimbidwa ndi chinsalu cha buluu. Akuluakulu a bungwelo anati anachita izi pofuna kuti makamera a wailesi yakanema azijambula bwino. Kaya chifukwa chake chinali chimenecho, anthu padziko lonse anamva uthenga wina: n'kovuta kuima patsogolo pa mayi wonyamula khanda lakufa n'kumalankhula za ubwino woponya mabomba.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Wina akhoza kunena kuti izi ndi za ku Ulaya, ife kuno tili pamtendere. Koma nkhondo inafika pakhomo pathu. Kuyambira mu 1977 mpaka mu 1992 ku Mozambique kunali nkhondo yapachiweniweni, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'Malawi muno, m'maboma monga Nsanje, Mulanje, Mwanza, Dedza ndi Ntcheu. Ine ndinabadwa nkhondoyo itatha. Amayi anga, amene anakulira kufupi ndi msewu umene umalekanitsa maiko awiriwa ku Ntcheu, ndi amene amandisimbira. Pali nkhani imodzi imene amaifotokoza mawu ali pansipansi. Mmawa wina mayi wina anaoloka msewu atabereka mwana kumbuyo, atayenda usiku wonse. Amayi a m'mudzimo atamulandira anazindikira kuti mwanayo anali atatsirizika kale panjira. Mayiyo anakana kumasula nsalu mpaka dzuwa linafika paliwombo. Nditawaonetsa amayi anga chithunzi cha Guernica pafoni, sanafunse za ng'ombe kapena babu. Analoza kumanzere n'kunena kuti, "Uyu ndi mayi uja." Iwo sanaseke ngati mmene ndinachitira ine, chifukwa anali ndi chimene ine ndinalibe: anaonapo.

Ojambula a kuno kum'mwera kwa Africa nawonso anaona kuti chiyankhulo cha Picasso chikhoza kunyamula zowawa zawo. Mu 1967 Dumile Feni wa ku South Africa anajambula ndi makala chithunzi chimene chimatchedwa African Guernica, pa nthawi ya ulamuliro watsankho. Ku Mozambique, Malangatana Ngwenya, amene anamangidwapo ndi apolisi a Apwitikizi, anadzaza zinsalu zake ndi nkhope zothithikana, maso otong'oka ndi mano osongoka. Aliyense anayenda njira yake, koma onse anagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti nkhanza sizijambulidwa ndi mizere yowongoka.

Mawu omaliza

Timakonda kunena kuti nkhondo simanga mudzi. Mwambiwu ndi woona, koma tauzolowera kwambiri moti umatuluka pakamwa osakhudza mtima. Masiku ano zithunzi za nyumba zogumuka ndi ana ovulala zimafika pafoni zathu tsiku ndi tsiku, ndipo timazikankha ndi chala n'kupitiriza kudya. Guernica siilola kukankhidwa msanga chotere. Imakuvuta poyamba, imakukakamiza kufunsa, ndipo pofunsapo umapezeka kuti waima pakati pa anthu akulirawo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti m'maphunziro athu a chiyankhulo ndi zolembalemba tiziphunziranso kuwerenga zithunzi monga mmene timawerengera ndakatulo ndi miyambi, ndiponso kuti tikhale pansi ndi makolo athu a m'maboma a m'malire n'kulemba zimene anaona iwo akadali moyo. Anthu a ku Durango anasowa wowanyamulira nyali. Mayi amene anaoloka msewu ku Ntcheu uja dzina lake silikudziwika m'buku lililonse, ndipo amene akumukumbukira akukalamba.